Ulendo wa ku Cuamba ndi makonto 500

Mawu amene mmodzi wa mamembala athu analankhula pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi ku Mandimba. Tawalemba monga mmene anawalankhulira.



Alembi atandiuza kuti lero ndilankhule za maulendo, poyamba ndinakana. Ndinati kodi ine ndayenda kuti? Ndege sindinakwerepo, Maputo ndimangomumva pa wailesi. Koma iwo anati n'chifukwa chake takusankhani, pakuti ana amene akutumiza mauthenga ku pulogalamu ya achinyamata sakufunsa za ndege ayi. Akufunsa kuti munthu angafike bwanji ku Cuamba kukalembetsa sukulu, ku Lichinga kukasiya mapepala a ntchito, kapena ku Nampula kukaona m'bale wodwala, m'thumba muli tindalama toti ukatiwerenga kachiwiri timakhala ngati tachepa. Pamenepo ndinavomera, chifukwa ulendo wotere ndinauyendapo, ndipo ndinauyenda moipa.

Munali mu Januwale 2005, ndili ndi zaka 20. Ndinali nditamaliza kalasi 10 ndipo ndinkafuna malo a kalasi 11 ku Cuamba. Inu makolo mukulidziwa vuto la mwezi umenewu. Kulembetsa sukulu kumabwera pamodzi ndi mvula, nkhokwe itayamba kuoneka pansi, ndalama ya fodya itatha kalekale, fodya watsopano akadali m'munda. Mayi anga anagulitsa mbuzi imodzi ndi nkhuku zitatu, n'kundipatsa makonto 500. Ana inu musatong'ole maso. Imeneyo inali metical yakale, 500,000 pa mapepala, ija anaichotsa maziro atatu mu Julayi 2006. Pa kawerengedwe ka lero ndi 500 meticais basi, ngakhale kuti nthawi imeneyo inkagula zambiri kuposa lero. Pafupifupi theka lake linali la galimoto, kupita ndi kubwera. Zotsalazo zinali zolembetsera, zojambulitsira zithunzi ziwiri ndi zachakudya. M'mutu mwanga ulendo wonse unali wa masiku atatu: kupita, kulembetsa, kubwerera. Ndinafika pakhomo tsiku la 13.

Ndisanaone msewu wa ku Cuamba, ndinayenera kuyamba ndalowera kumpoto, ku Ngauma. Ine ndinakulira ku Malawi, cha ku Namwera, kumene makolo anathawira nkhondo monga ambiri a inu, ndipo tinabwerera kuno mu 1994, patatha zaka ziwiri chisainireni mtendere ku Roma. Cédula yanga, kabuku kaja kosonyeza kubadwa, inkasungidwa ndi amalume ku Massangulo m'sutikesi yachitsulo, chifukwa nyumba yathu inali yodontha. Kuchokera pano kukafika kumeneko ndi makilomita ngati 60. Kuti ndisakhudze makonto aja ndinabwereka njinga kwa mnzanga. Inu a ku Ngauma mukudziwa mmene msewu umakwerera ukamalowera ku Lichinga. Malo ena njinga inkandinyamula, malo ena ine ndinkanyamula njinga. Dzuwa likupendeka ndinaona tchalitchi chachikulu chija cha mishoni, imene ansembe a Consolata anaiyambitsa mu 1928, ndipo ndinadziwa kuti ndafika.

Amalume, Mulungu ause mzimu wawo, anali munthu woyenda. Usiku umenewo anandikumbutsa kuti makolo awo Achiyao ankayenda wapansi mpaka ku Kilwa, kunyanja ya mchere, popanda chapa kapena sitima, ndiponso kuti iwo eni nthawi ya nkhondo sakanatha kutuluka m'boma lawo popanda kalata ija ya guia de marcha. Kenaka anati, "Tulutsa ndalama tione." Anaiyala pa mphasa n'kuigawa milu itatu. Mulu woyamba wopitira, wachiwiri wa kusukulu ndi chakudya, wachitatu wobwerera. Wachitatuwo anaupereka kwa akazi awo kuti ausokerere m'chiuno mwa buluku langa. Ndiye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, ndalama iyi si yako. Ndi ya mayi ako, yoti ikawabwezere mwana wawo." Ine ndinati ndamva amalume. Koma kunena zoona ndinaseka mumtima, ndinati nkhalamba izi n'zamantha. M'mawa anandimangira mtedza wokazinga ndi chigumu, ndinapalasa kubwerera ku Mandimba, tsopano motsetsereka.

Lachitatu m'mamawa ndinali pamalo okwerera magalimoto. Chapa cha ku Cuamba chinali chitatsala anthu atatu kuti chidzaze. Ndikuti ndikwere, mnyamata wina anandikodola, akuti pali lole imene ikupita konko ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Ndinawerengetsa, ndinaona kuti nditsala ndi ya buledi wa masiku awiri. Ndinachisiya chapa chija. Chinanyamuka ndikuchiona 6 koloko isanakwane. Lole yathu inayamba yazungulira m'makwalala kutola matumba, kenaka dalaivala anakadya, kenaka anakafuna mafuta, ndipo tinatuluka m'tauni cha m'ma 2 koloko masana mitambo itada kale.

Achinyamata amene mwapeza tala simungamvetse. Kuchokera ku Mandimba kukafika ku Cuamba ndi makilomita ngati 150, ndipo onsewo anali dothi. Titaoloka mtsinje wa Lugenda, uja umatuluka m'nyanja ya Amaramba, tinalowa pamalo a dambo ndipo lole inamira matayala onse am'mbuyo. Tinatsika, tinadula nthambi, tinabwereka makasu m'mudzi, tinakumba mpaka mdima. Tinagona pansi pa lona, anthu oposa 20, mvula ikugwa. Mawa lake masana lole inazuka, tinaimba nthungululu, koma tisanapite patali chitsulo china cha pansi chinathyoka. Wothandiza dalaivala anabwereka njinga kukafuna china. Tinagonanso. Ndipo chimene chinandipweteka koposa, abale, n'chakuti chapa chimene ndinachikana chija chinatidutsa chikubwerera ku Mandimba, mawa lake chinatidutsanso chikupita ku Cuamba ndi anthu ena, cobrador wake n'kundibayibitsa.

Kamba wanga anatha usiku woyamba. Sindikudandaula kuti ndinagawira anzanga, munthu sungatafune mtedza wekha mwana wa mnzako akukuyang'ana pakamwa. Kulakwa kwanga kunali kumasula phukusi lonse nthawi imodzi. Amayi amene anazolowera msewu ankatulutsa pang'onopang'ono, kwinako atabisa pansi pa chikwama. Anthu a m'mudzi ataona kuti tagwidwa anabwera ndi chinangwa chophika ndi mango, mtengo wake wowirikiza. Sindiwanena, nawonso unali mwezi wa njala. Koma ndalama ija ndinkati ndapulumutsa pa lole inapita, n'kutenganso ina pamwamba.

Tinalowa mu Cuamba Lachisanu madzulo, phiri la Mitucué likungooneka ngati chithunzithunzi. Kusukulu anali atatseka mpaka Lolemba. Ndinali ndi dzina la m'bale wina wa bambo anga, koma malangizo amene ndinapatsidwa anali akuti amakhala kuseri kwa msika pafupi ndi mtengo wa mango. Mukudziwa kuchuluka kwa mitengo ya mango mu Cuamba? Ndinafunsa nyumba zisanu, ndinaleka. Ndinakafunsa mtengo wa chipinda ku pensão, ndinapeza kuti usiku utatu udya ndalama yonse yolembetsera. Choncho ndinatsatira anthu amene ankapita ku siteshoni kukadikira sitima ya ku Nampula, imene inkanyamuka m'bandakucha. Ndinagona pakati pawo pa simenti, chikwama ndatsamira, lamba wake ndakulunga pamkono. Udzudzu wa kumeneko ndimaukumbukirabe.

Tsopano mverani bwino, pakuti apa ndi pamene ndinagwera. Loweruka m'mawa ndikusukusula pa mpopi, panabwera bambo wina wa malaya oyera ositidwa, atanyamula chikwama cha mapepala. Anandipatsa moni m'Chipwitikizi, koma atamva kalankhulidwe kanga anatembenukira ku Chinyanja. "Ndiwe wa ku Mandimba eti? Ndi kwathutu kumeneko." Mtima wanga unakhala pansi. Ukakhala pachilendo, munthu wolankhula chinenero chako amaoneka ngati mwana wa mayi ako. Ndinamufotokozera zonse, ngakhale zimene sanafunse. Anapukusa mutu, akuti mwana iwe wachedwa, malo anatha sabata yatha, koma usadandaule, ine ndimadziwana ndi akuluakulu a kumeneko, chofunika ndi ka refresco basi. Ndinamupatsa ndalama yolembetsera. Anaiwerenga, akuti iyi ndi yochepa, anthu ake ndi awiri. Ndinapita kuchimbudzi, ndinadula ulusi wa akazi a amalume ndi mano, ndinatulutsa ndalama yobwerera ija n'kukamupatsa. Anandilembera kanthu pa kapepala, akuti tikumane pa geti Lolemba 7 koloko.

Lolemba ndinaima pa geti kuyambira 6 koloko. Inakwana 8, inakwana 9. Cha m'ma 10 ndinalimba mtima ndinalowa ndekha mu ofesi. Mayi amene ndinawapeza anayang'ana mapepala anga, anati malo a masana anathadi koma a usiku alipo, bweretsa ndalama yolembetsera ndi zithunzi ziwiri pasanafike Lachisanu masana. Ndinafunsa za bambo wa malaya oyera. Sanamudziwe. Palibe amene anandipempha refresco, palibe amene anafuna kanthu kapadera. Khomo linali lotsegula kuyambira kale, ine ndinalipira munthu woti anditsegulire. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa ndithu, koma ndinafunsa wa panja m'malo mofunsa wa m'kati.

Ndinatuluka ndili ndi tindalama tosakwana mbale ya nsima, makilomita 150 kuchokera kwa mayi anga. Foni ndinalibe, kumudzi kwathu kunalibenso amene anali nayo. Ndinakhala pansi pa mtengo ndinalira, ndisakunamizeni. Maganizo amene amabwera nthawi yotere ndi oipa. Ndinayang'ana njinga ina itatsamira pa khoma popanda loko, ndipo ndinaiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu wabwino amayang'anira njinga ya mwini. Anyamata ambiri amene timamva kuti agwidwa ku tauni sanachoke kwawo ali akuba. Anachoka ngati ine, ndalama yobwerera inatha, njala n'kuwalangiza.

Chimene chinandipulumutsa ndi mayi wina wa Chimakua amene ankagulitsa nyemba ndi anyezi pafupi ndi siteshoni. Katundu wake ankabwera pa sitima kuchokera cha ku Malema. Chimakua sindinkachidziwa, ndinangodziwa salama ndi koshukuru, ndiye ndinawalankhula m'Chipwitikizi changa cha kusukulu. Ndinati mamá, ndili ndi njala koma sindikupempha, ndipatseni ntchito. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapazi, anandifunsa kwathu ndi dzina la mfumu yathu, kenaka anandilozera thumba. Kuyambira tsiku limenelo ndinkasenza matumba sitima ikafika, masana ndinkapeta nyemba ndi kutunga madzi, usiku ndinkagona pa matumba m'kanyumba kawo kosungiramo katundu, ndiye kuti ndinalinso mlonda. Nsima ndinkadya ndi ana awo. Malipiro anga anakana kundipatsa tsiku ndi tsiku. Anati ukaigwira uidya. Lachinayi anandipatsa ya zithunzi yokha, Lachisanu m'mawa anandiwerengera yolembetsera m'manja, n'kutuma mwana wawo wamkulu kuti andiperekeze mpaka pakhomo pa ofesi, kuopa kuti ndingakumanenso ndi malaya ena oyera. Ndinalembetsa kutatsala ola limodzi.

Nanga kunyumba? Mayi ankandiyembekeza Lachisanu loyamba lija. Atafika Lachiwiri la sabata yotsatira anali atasiya kudya, ndipo ena anali atayamba kale kunong'ona kuti lole ina yagubuduzika. Lachitatu ndinalemba kakalata, ndinakapereka kwa cobrador yemwe uja anandibayibitsa, ndinamupempha kuti akakasiye ku wailesi kuno ku Mandimba. Ndinamuuza kuti ndilibe chomupatsa. Anati sunga mawu ako, tonse tili ndi amayi. Lachinayi madzulo uthenga unawerengedwa: mwana wa uje ali moyo ku Cuamba, akugwira ganyu, abwera Lolemba. Wailesi yathu kunyumba inalibe mabatire, anamva ndi a nyumba yoyandikana n'kuthamanga kukawauza. Mukandiona sindijomba ku kalabu ino, chiyambi chake ndi chimenecho. Lolemba ndinabwerera pa lole ya mchere ndi shuga imene mayi aja anandipezera, malipiro anga kunali kukweza ndi kutsitsa katundu. Dzuwa linali litawala masiku atatu, tinayenda tsiku limodzi lokha.

Ena mukuti zimenezo n'zakale. Zoonadi zinthu zasintha. Msewu wa N13 uli ndi tala kuchokera ku Cuamba kudzera pano mpaka ku Lichinga, ndipo mtunda umene unandidyera masiku atatu lero ndi wa maola ochepa. Njanji ya Cuamba ndi Lichinga, imene inakhala yowonongeka zaka zambiri, inakonzedwa ndipo sitima inayambanso kuyenda mu 2016, kudzera ku Mitande ndi ku Itepela. Pafupifupi mnyamata aliyense ali ndi foni. Koma mauthenga amene tikumva pa wailesi akundiuza kuti ana athu akugwerabe m'dzenje lomwe lija. Wachinyamata akamakonza ulendo amafunsa funso limodzi, lakuti chapa ndi zingati. Akapeza imeneyo amati ndakwanitsa. Koma ndalama ya chapa imadziwika, sinamiza munthu. Imene imapha ndi ya masiku amene sunawawerengere. Kale masikuwo ankatayika m'matope, lero amatayika pa benchi. Ukafika amati amene amasaina watuluka, kapena amati sistema yagwa, bwerani mawa. Mawa limenelo ndi chakudya katatu ndi malo ogona. Ndiye ine ndimati ngati ntchito yako ndi ya tsiku limodzi, nyamula za masiku atatu. Ngati za masiku atatu palibe, dikira sabata ina, gwira ganyu, usanyamuke.

Ndipo yang'anani kalendala. Ulendo wa ku ofesi kapena ku sukulu ndi wonyamuka Lamulungu kapena Lolemba m'mamawa. Wofika Lachisanu madzulo wagula Loweruka ndi Lamulungu zimene sanazifune. Kumbukiraninso masiku a tchuthi, monga pa 3 Febuluwale, tsiku la ngwazi, limene limagwa nthawi yomwe ana akuthamangira za sukulu. Za sitima n'chimodzimodzi. Ndi yotsika mtengo, ndipo chakudya cha m'masiteshoni a njira ya ku Nampula n'chotchipa kuposa cha m'tauni, koma sitima ya anthu siyenda tsiku lililonse. Funsani tsiku ndi ola kwa munthu amene wakwera posachedwa, kapena ku siteshoni kwenikweniko. Mukaiphonya, zimene mumati mwapulumutsa mudzazisiya pa pensão. Pa tala napo ndinenepo pang'ono: galimoto zikuthamanga tsopano, ndipo yotchipa ya usiku, yodzaza mpaka pakhomo, dalaivala atayenda tsiku lonse osagona, ine sindikwera ngakhale atandichotsera theka.

Za ndalama ya m'foni anthu amandifunsa kawirikawiri. Movitel inafika mu 2012, M-Pesa inayamba mu 2013, e-Mola inabwera pambuyo pake, ndipo n'zoona kuti zikanakhalapo mu 2005 mayi anga akanagulitsa nkhuku ina n'kunditumizira tsiku lomwelo. Sindikuzinyoza. Koma ndaona ana akuika ndalama yobwerera m'foni, ndiye usiku kusowa tulo pachilendo amagula ma megas, mawa amagulanso, ndalama n'kumatha mosaoneka ngati madzi a m'chidebe chobooka. Foni imabedwa, batire imatha, netiweki imasowa, ndipo potapa amadulako. Ine mwana wanga akamayenda, ya chakudya ndimamuikira m'foni, yobwerera amayi ake amamusokerera m'chiuno monga kale. Kudula ulusi ndi mano kumapatsa munthu mpata woganiza, ngakhale kuti ine mpatawo sindinaugwiritse ntchito. Manambala atatu a abale alembeni pa pepala, muike pamodzi ndi BI m'kapulasitiki, pakuti lero munthu akataya foni sadziwa ngakhale nambala ya mayi ake. Ndipo bambo wa malaya oyera uja sanafe ayi, anangosamukira m'foni. Ndi amene amatumiza uthenga wakuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, kapena wakuti pali ntchito ku Nacala, lipirani kaye ya fomu.

Pogona ndi pamene pamathera ndalama zambiri, choncho m'bale wa m'tauni ndi chuma. Koma tiyeni tinene chilungamo, ifenso a kumudzi timawatopetsa. Timafika osauza, manja ali lende, osanena tsiku lochoka. Munthu wa ku Cuamba amagula zonse, makala, madzi, ngakhale masamba a maungu amene ife timangothyola kuseri kwa nyumba. Muimbireni kusanache, mufunse dzina la bairro ndi chizindikiro chenicheni, osati mtengo wa mango. Nyamulani kaufa, nyemba kapena nkhuku. Mukangofika nenani kuti ndichoka Lachinayi, ndipo Lachinayi muchokedi. M'mawa gwirani tsache, tungani madzi. Mlendo ndi mame, amati, ndiye mame akafika mpaka masana anthu amayamba kudabwa. Mukatero, mng'ono wanu akadzafuna pogona chaka chamawa adzamutsegulira. Ngati m'bale palibe, pemphani kalata kwa a sheikh, kwa abambo mfumu kapena kwa abusa anu musananyamuke. Munthu wofika ndi kalata ku mzikiti kapena ku tchalitchi sagona pa simenti ya siteshoni.

Pali zinthu ziwiri zimene simuyenera kuumira nazo. Choyamba ndi madzi. Tonse tikukumbukira kolera imene inavuta m'chigawo chathu cha Niassa mu 2022 ndi 2023. Kabotolo ka Certeza n'kotchipa kuposa tsiku limodzi la m'chipatala, ndipo kamakwana m'thumba la malaya. Chachiwiri ndi neti ya udzudzu. Ine nditabwerako ku ulendo uja ndinagona sabata yathunthu ndi malungo, nkhuku inanso inapita.

Kwa amene mumaolokera ku Malawi kudzera pa Chiponde, kaya kukagula katundu kaya kukaona abale ku Mangochi, mawu anga ndi ochepa chifukwa ambiri mumadziwa kuposa ine. Gwirizanani mtengo ndi wa kabaza musanakhale pa njinga. Posintha ndalama werengani nokha, kawiri, ndipo yanu musaipereke musanagwire yake. Sinthani yokwanira ulendowo basi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anasunga makwacha ambiri m'nyumba anadzuka atasauka. Njira zachidule za m'tchire zopanda mapepala zimaoneka zotchipa mpaka tsiku limene mwakumana ndi amene akufunsa mapepalawo.

Tsopano ndilankhule ndi inu makolo anzanga, ndipo mundikhululukire ngati ndilasa. Tili ndi chizolowezi chopatsa mwana ndalama yopitira yokha, n'kunena kuti yobwerera akakupatsa amalume ako. Amalumewo tawafunsa? Mwina nawonso mwezi wawathera. Kwa mnyamata mapeto ake ndi kusenza matumba monga ine. Kwa mtsikana n'zoopsa kuposa pamenepo. Mtsikana amene watsala ku Cuamba wopanda yobwerera amakumana ndi munthu womuuza kuti kwera kutsogolo kuno mlongo, boleia ndi yaulere. Tonse tikudziwa kuti ina mwa ma boleia amenewo si yaulere, ndipo malipiro ake ena abwera nawo kunyumba ndi mimba kapena matenda. Tikatero timamunena mwanayo kuti ndi wosamva, chonsecho amene anamutumiza ndi theka la ndalama ndife. Alipo madalaivala aulemu, amene anandibweretsa ine anali mmodzi wa iwo, koma anandinyamula chifukwa munthu wodziwika anandiperekeza n'kumuuza kuti mwana uyu ndi wanga. Inu atsikana, yendani awiriawiri, yendani masana, ndipo musanakwere tumizani nambala ya galimoto kwa munthu wa kunyumba dalaivala akuona. Woona mtima sakwiya nazo.

Za anyamata amene akugulitsa njinga ya bambo awo kuti apite ku Joni ndi ndalama yopitira yokha, imeneyo ndi nkhani yofuna tsiku lakelake, ndipo alipo pano amene anafikako, adzatiuze okha.

Mwina mukufuna kudziwa za mayi a anyezi aja. Nditayamba sukulu ya usiku ndinagwirabe ntchito kwa iwo zaka ziwiri, ndipo malonda a nyemba amene ndimadyera lero ndinaphunzira pa benchi lawo. Pambuyo pake anabwerera kwawo ndipo tinatayana. Mbuzi ya mayi anga ndinabweza mu 2008, yaikazi, ili ndi bere.

A wapampando, ndisanakhale pansi ndili ndi pempho. Kalabu yathu ili ndi mamembala kuno, ku Massangulo, ku Mitande, ndipo ena anasamukira ku Cuamba ndi ku Lichinga koma amatitumizirabe moni pa wailesi. Ndikupempha kuti alembi agule kope limodzi. M'kopemo tilembe aliyense amene angalole kugoneka mwana wa membala mnzake usiku umodzi kapena uwiri, dera limene amakhala ndi nambala yake. Kopelo lisawerengedwe pa wailesi, likhale kwa alembi, ndipo mwana azipita ndi kakalata kosainidwa ndi a wapampando kuti wolandirayo adziwe kuti ndi wathu. Ndalama ya kope ndi iyi, ndaiika pa tebulo. Ine ndilembeni poyamba. Kwanga kuli mphasa ziwiri zimene sizikugwira ntchito, ndi neti imodzi yopanda chibowo.